Makina asesa chisokonezo cha a Tembo

Lachitatu madzulo a Tembo anandipeza ndikuthirira mpiru kuseri kwa nyumba ku Village, kuno ku Gaborone. Moni sanapereke. Munthu amene amayamba ndi dumela, moni wa m’Setswana, ngakhale kwa galu wa eni ake, tsiku limenelo anangofikira kukhala pa ndowa.

“Ba Phiri, vinthu vavuta. Nifuna mukakambe na boss wanga. Imwe ndimwe lecturer, azakumvelani.”

A Tembo ndi mnzanga wa ku Chipata. Amagwira ntchito pa kampani ina yosunga katundu ku Gaborone West Industrial, ndipo ndi iwo amene amasamala pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsa zonse pamenepo. Pulogalamuyo inalembedwa mu COBOL, chiyankhulo chakale cha makompyuta chimene ophunzira anga amachiyesa nthano.

Ine ndinaionapo pulogalamuyo. Mayo ine! Mzere uwu wayambira kumanzere, winawo wathawira kumanja, malamulo angapo apanikizana pamzere umodzi ngati anthu a mu combi, minibasi ya ku Mmopane. Kompyuta imamva bwinobwino. Munthu ndiye samva. Ndipo musaganize kuti a Tembo sadziwa kulemba mwaudongo. Amadziwa kwambiri.

Paja mlendo akalembedwa ntchito kuno, amayenera kuphunzitsa mwana wa dziko lino woti adzalowe m’malo mwake. A Tembo anapatsidwa Mma Kefilwe, mayi wa digiri yake, wofatsa. Chaka ndi chaka mayiyu ankati akatsegula pulogalamu ija mutu waang’amba, a Tembo n’kumapukusa mutu mwachisoni pamaso pa bwana kuti COBOL ndi yovuta, mayiyu sanafikepo. Pemiti yawo yogwirira ntchito kuno n’kuonjezedwa.

Chakudza sichiimba ng’oma. Bwana watsopano wabwera ndi kapulogalamu kena, ntchito yake kungolongosola mizere basi. Sikasintha chimene pulogalamu ikuchita. Kamangoika lamulo lililonse pamzere wake, za mkati kulowa mkati, zofanana kuyang’anizana. Anakayatsa m’mawa, tiyi asanazizire chisokonezo cha zaka zonsezi chinali chitaima pamzere. Mma Kefilwe anawerenga mpaka masana, n’kutembenuka n’kuthokoza mwaulemu m’Setswana kuti, “Ke a leboga, Rra Tembo. Tsopano ndikuona.”

Ndiye a Tembo akufuna ine ndikaname kuti kapulogalamuko n’koopsa, kadzagwetsa kampani, abwezeretse zakale.

Ndinaseka, sindibisa. Munthu wamkulu, wandevu zoyera, dikoni kumpingo, kudzandipempha kuti ndikachitire umboni zinyalala!

Koma inu amene mukuseka nane, tayambani mwadziyang’ana. Kumpingo kwathu kuli bambo wina amene zokuzira mawu amazidziwa yekha, mawaya anawapiringiza dala kuti akadwala tonse tiziimba mokuwa. Kuli makaniko amene amakutuma kukagula madzi akafika pomasula penipeni. Kuyunivesite kuli anzanga amene kosi yawo ili m’mutu mwawo mokha. Timati ndife akatswiri. Ukatswiri wanji woopa tsache? Ife alendo ndiye tanyanya, chifukwa mantha a pemiti atiphunzitsa kuti wodziwa yekha sachotsedwa. Kenako timadabwa eni dziko akamatiyang’ana cham’mbali.

Kuseka kunatha a Tembo atatchula ana. Pemiti yawo ikutha kumapeto kwa chaka. Ana awo anabadwira konkuno, ukawafunsa m’Chinyanja amayankha m’Setswana, ku Chipata anangopitako kumaliro. Wamkulu akulemba mayeso chaka chamawa. Pamenepo ndinawamvera chisoni zedi, ndipo mpaka lero ndikuwamvera.

Kunama ndinakana. Ndinawauza kuti kapulogalamu kaja kamaongola mizere, koma sikadziwa chifukwa chimene katundu wodutsa pa boda amawerengedwera mosiyana ndi wa m’tauni, kapena chimene chinachitika kuti lamulo lakutilakuti lilowemo. Zimenezo zili m’mutu mwa a Tembo. Akazipereka ndi manja awiri, mwina bwana aona chowasungira. Mwina ayi. Sindinawalonjeze kanthu.

“So Kefilwe nimuphunzise zoona?” anafunsa, nkhope ngati ndawauza kuti amwe mankhwala a makoswe.

Ndinati inde, ntchito imene akhala akusainira chaka ndi chaka kuti akuigwira.

Kenako anandiuza zimene sanayambe nazo. Bwana wanena kuti za pemiti afunsa kaye Mma Kefilwe ngati a Tembo akufunikabe. Mayi yemwe uja amene zaka zonsezi wakhala akumva pamaso pa anthu kuti sanafikepo.

Inu mukanakhala Mma Kefilwe, mukanayankha chiyani?