Limu ya a Khwangwala

A Khwangwala agwira ntchito pabwalo la ndege zaka makumi awiri ndi zisanu, koma ndege sanakwerepo. Ntchito yawo ndi yothamangitsa mbalame. Ndege ikatsala pang'ono kutera, amapalasa njinga m'mbali mwa msewu wake, limu yakale ya tayala la galimoto ikulendewera kumbuyo, n'kumaimenya ndi chitsulo mpaka akhwangwala ndi akakowa atabalalika. Dzinalo linachokera pamenepo. Iwo amati mbalame imodzi ikalowa mu injini, anthu zana apita ngati masewera.

Mpongozi wawo, Make Nana, amakhala m'nyumba za asilikali kuseri kwa waya wa bwalolo. Mwamuna wake, mwana wachisamba wa a Khwangwala, ndi msilikali wokonza mahelikopita. Nthawi imeneyo anali atatha miyezi isanu ndi iwiri kutali, kumene kunali nkhondo.

Lamlungu masana nkhalambayo inkabwera kudzamwa tiyi pakhonde, Nana ali pamwendo, n'kumamuphunzitsa ndege. Iliyonse anaipatsa dzina lawolawo.

"Yoyerayo, yonyamula anthu, ndi Mkwatibwi. Imachedwa, koma aliyense amaidikirira."

Helikopita ankaitcha Tombolombo. Majeti awiri ankhondo, amene amadutsa kaye phokoso n'kumabwera pambuyo, anali Akabawi. Kandege kopopera mankhwala m'minda kanali Udzudzu.

"Nanga droni, bambo?" anafunsa Make Nana tsiku lina.

"Aaa, mayi, musanamize mwana. Ndege yopanda munthu ndi chidole cha mabwana."

Ndiye panali Chimimba, yotuwa, ya mapulopela anayi, yotsegukira kumbuyo. Imanyamula asilikali, magalimoto, matumba, chilichonse. Ndi imene inatenga mwamuna wa Make Nana. Ndi imenenso imabweretsa mabokosi.

Pabwalopo pali lamulo losalembedwa. Chimimba ikamabwera ndi maliro, a Khwangwala amauzidwa m'mawa kuti asamenye limu. Amaingitsa mbalame ndi jekete basi, mwakachetechete. Akazi a kuseri kwa waya anazitulukira okha zimenezi. Akamva mapulopela anayi aja, amasiya zonse n'kutchera khutu. Limu ikalira, ndiye kuti abwera amoyo.

Lachinayi lina cha m'ma teni koloko, Make Nana ankachapa pampopi pamodzi ndi mnzake woyandikana naye nyumba, Make Mapasa, amene nayenso mwamuna wake anali kunkhondo komweko. Anamva Chimimba ikubangula chakumpoto. Onse awiri anaima, manja ali m'thovu. Ndege inatsika, matayala anakhudza pansi, injini zinazima. Limu sinalire.

Make Nana sanalire, sanapemphere. Anayang'ana kabudula wa Nana amene anali m'manja mwake, n'kuona kuti batani limodzi latsala pang'ono kuthothoka. Madzi anadzaza ndowa, n'kuyamba kusefukira pamapazi. Palibe anatseka mpopi.

Zimene zinkachitika mkati mwa waya anadzazimva pambuyo pake. A Khwangwala anali ataima patali, jekete ili m'manja, chitseko chakumbuyo chikutsika. Munatuluka mabokosi atatu. Pa anthu onyamula bokosi loyamba, kutsogolo kumanzere, anaona mwana wawo, wowonda, akuyenda ndi miyendo yake. Anakumbukira mpongozi wawo kuseri kwa waya. Dzanja linapita lokha pachitsulo.

Ngwee! Kamodzi kokha.

Pampopi paja, Make Mapasa anakhala pansi m'matope n'kuyamba kuseka.

"Mwamva, anzanga? Nkhalamba yanuyo inagona pantchito! Ndimutchaya ndi mthiko, wandiphetsa mtima pachabe."

Anathamangira m'nyumba, nthungululu ili pakamwa. Anasambitsa ana, anavala diresi lake labuluu, anabwereka sopo wonunkhira. Akazi enanso mumzerewo anayamba kusesa pakhomo. Make Nana yekha anatsala pampopi. Apongozi ake amawadziwa, sagona pantchito ndipo samenya limu kamodzi.

Itakwana thuu koloko, galimoto ya mabwana inalowa mumzere wawo pang'onopang'ono. Munali m'busa wa asilikali. Make Nana anaiona ikudutsa nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Inadutsanso yake. Inaima pa Make Mapasa, amene anali pakhonde ndi diresi labuluu lija.

Kulira kutayamba, Make Nana anapita kukaanula zovala. Zinali zisanaume, koma anazipinda choncho.

Mwamuna wake anafika madzulo. Anamupatsa madzi osamba, n'kukhala pampando kumamvetsera akuthira. Kuseri kwa khoma maliro anali mkati. Anadikira kuti chimwemwe chibwere, koma sichinabwere tsiku limenelo.

A Khwangwala anaitanidwa ku ofesi, anadzudzulidwa, limu n'kulandidwa kwa mwezi wathunthu. Kumaliro anapita, anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pabondo. Make Mapasa asanasamuke m'nyumba za asilikali, anakumana nawo pageti.

"Maola anayi, bambo," anatero. "Munandivalitsa diresi maola anayi."

 

A Khwangwala akugwirabe ntchito. Lamlungu amabwerabe kudzamwa tiyi, ndipo Nana tsopano amaloza yekha, Mkwatibwi uyo, Tombolombo uyo, Udzudzu uyo. Koma yotuwa ija ikamadutsa, mwanayo amawakoka malaya.

"Agogo, iyo ndani?"

"Ndege," amatero a Khwangwala, n'kuuzira tiyi amene anazizira kale.