Pasiwedi Yomwe Ndinabwereketsa pa Boda ya Mchinji

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha vairasi. Ndinali nditamaliza maphunziro a kompyuta, ndili lova kwathu ku Kapondo, pamene ndinamva kuti makompyuta a kampani ina yothandiza amalonda kuolotsa katundu pa boda ya Mchinji asiya kugwira ntchito. Ndinapita ndi sidi ya antivairasi m'thumba. Pofika masana onse anayi anali akuyenda, ndipo bwana, a Sakala, anandilemba pompo.

Ndinapeza ofesi yonse ikugwiritsa ntchito pasiwedi imodzi, yolembedwa pakapepala komata pakhoma. Ndinakang'amba. Aliyense ndinamutsegulira akaunti yakeyake, ndinaletsa madalaivala kulowetsa mafulashi awo a nyimbo, kenaka ndinakhazikitsa logi, kaundula wosonyeza amene walowa, nthawi yake, ndi chomwe wasintha. Logi imeneyi ndinkainyadira koopsa.

Tsiku lina kunabwera alamu awo a bwana, a Jere, munthu wosalembedwa ntchito koma wokhala pampando uliwonse.

"Mphatso, uwapatse pasiwedi yako, angosindikiza kalata," anatero a Sakala.

"Bwana, bwanji ndiwatsegulire yawo? Ndi mphindi ziwiri basi."

"Iwe, ukuti alamu anga ndi akuba?"

Onse anandicheukira. Kwathu sitinaleredwe kuyankha akulu kawiri. Ndinalemba pasiwediyo pakapepala, ine yemwe ndinang'amba kapepala kaja.

Patatha sabata, a kasitomu, otolera msonkho pa boda, anagwira thiraki yochokera ku Chipata. Mapepala athu ankati feteleza, koma m'kati munali mabelo a zitenje okhaokha. Anabwera kudzafunsa amene anasintha mapepalawo. A Sakala anandiuza pamaso pawo kuti nditsegule logi. Ndinatsegula ndi manja angawa. Dzina linali langa.

"Si paja umati makinawa sanama?" anatero bwana, maso ali pazenera.

A Jere anali ataolokera ku Mwami, tsidya la Zambia, m'mawa womwewo. Sindinamangidwe, koma ntchito inatha, ndipo mbiri inathamanga boda yonse. Palibe ofesi inandilolanso kukhudza kiyibodi. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa sindinabe kanthu, ndinangochita ulemu.

Pano ndimateteza makompyuta a kampani ina ku Lilongwe. Akuluakulu akafuna pasiwedi yanga, ndimawapatsa moni ndi manja awiri, ndimawapatsa mpando, kenaka ndimawakaniza. Amati ndine wamwano. Anene, koma ine ndinadzionera ndekha: logi siilemba kuti amene anakutuma anali bwana.