Adona a ku Ofesi ya Mgodi

Mkazi wanga ankasoka popanda patani. Akazi ena a m'komboni ya Wusakile ku Kitwe ankaphunzira kusoka ku holo ya welofeya, kumene dona wa ku Nkana East ankawapatsa mapepala odulira nsalu. Wanga ankati pepala lilibe matako, lingadziwe bwanji dilesi? Iye ankaponya nsalu paphewa la munthu, nkuikulunga, nkupinda apa, nkubaya pini apo, mpaka nsaluyo itavomera thupi. Akatero ndiye ankatenga sizasi.

Vuto la kasokedwe kameneka nlakuti pamafunika thupi. Mwini dilesi akatanganidwa, thupi linali langa. Ine, kalaliki wa ku mgodi, wovala tayi, wochokera ku Nyasalande ndi satifiketi, ndinkaweruka faifi koloko nkukaima pakati pa nyumba manja ali tambalale. Mapini amene anandilowa zaka zimenezo ndi ambiri ndithu. Mpaka lero ndikamwa tiyi mofulumira ndimadontha m'nthiti. Sindinama ine.

Zinali zachinsinsi mpaka tsiku lina mayi a khomo loyandikana nalo, akazi a kalaliki wamkulu, anasuzumira pawindo kudzabwereka sefa. Anandipeza m'dilesi lamaluwa achikasu, nditatembenuka kuti mkazi wanga aone mpendero. Sefa sanatenge. Anatenga nkhani.

Pofika Lolemba, Kitwe yense ankanditcha Adona. Amuna a Chibemba pageti la mgodi ankavula zipewa zawo zachitsulo nkuti, "Mwapoleni, ba Dona." Ku tchalitchi mkulu wa mpingo anandifunsa mwaulemu mbali imene ndikufuna kukhala, ya abambo kapena ya amayi. Nditapita ku Ndola kukagula nsalu, mmwenye amene sanandionepo anandifunsa ngati mtunduwo ukugwirizana ndi khungu langa. Dzina langa lenileni linatsala pa chitupa pokha. Ndinalifuna libwerere, ndipo ndinadikira monga adikirira mwini munda nyani.

Chiswe ndiye chinandithandiza. Chinadya mapatani onse a mayi aja, ukwati wa mwana wa abusa utayandikira, amuna a mayiwo ali kutchuthi chachitali kumudzi chiyambire mvula yoyamba. Anabwera ndi nsalu yobiriwira, yolimba ngati lata. Mkazi wanga anawapempha alowe kuti awayeze. Iwo anaima pakhomo, nkuyang'ana mipando yathu ngati ili ndi nsikidzi.

"Yoima ngati mtengo nthawi ndilibe, anzanga. Yezerani pa Adona anuwo. Msinkhu wathu ndi umodzi."

Tsiku loyeza ndinadya mbatata zophika mbale yodzaza, nkutsira munkoyo, thobwa la kumeneko, pamwamba mpaka unafika pakhosi. Kenaka ndinaima, nkukoka mpweya, nkutulutsa mimba yonse imene Mulungu anandipatsa ndi ina yobwereka. Mkazi wanga anali ndi mapini m'kamwa, ndipo munthu wa mapini m'kamwa sadzudzula. Anayang'ana mimba, anayang'ana nkhope yanga, anayang'ananso mimba. Kenaka anaikulunga nsalu bwinobwino, nkuika makwinya pansi pa chifuwa kuti igwe mozungulira phirilo. Ndinagwira mpweya umenewo mpaka anamaliza mpendero. Ena amati munthu sangathe. Iwowo sanatchedwepo Adona.

Atalavula pini yotsiriza, mkazi wanga ananena mawu amodzi okha: "Ine ndimasoka chimene ndaona."

Dilesi linaperekedwa m'mawa wa ukwati, lothira sitachi. Mayi aja ataona kutsogolo kwaima pakokha anafunsa, ndipo mkazi wanga anayankha zoona, kuti ndi mmene nsalu inagwera pathupi. Iwo anaganiza kuti ndi fashoni ya ku Joni. Pakhomo la tchalitchi dilesi linalowa, linapatsa anthu moni, mwini wake nkumabwera pambuyo.

Tsono kwathu mimba satchula. Ungaione ikukankha chitseko, koma pakamwa umatseka. Amayi anangoyang'anizana, zala zikuwerenga miyezi pansi pa mabuku a nyimbo, kuyambira mvula yoyamba ija. Masamu ake sankatuluka, poti chichokere amuna awo chaka chinali pafupi kukwana. Wina anawapatsa mpando wotsamira. Paphwando anawalanda mtsuko, ati zolemera ayi. Mawa lake pakhomo pawo panapezeka mango aawisi ndi dothi la pachulu lokulunga m'pepala. Mayi wina wachikulire anawakoka pambali nkuwalangiza kuti asamaime pakhomo ndiponso asiye mazira.

Iwo anayesa ulemu wonsewu ndi wa dilesi, ndiye analivalanso Lamulungu lotsatira, ndi linzake. Ine ndinkakhala mbali ya abambo nkumaimba besi ndi mtima woyera. Palibe amene ankakumbukanso Adona. Komboni imadya nkhani imodzi pa nthawi, ngati mbuzi ya pachingwe.

Amuna a mayi aja atatsika sitima, anzawo anawagwira chanza nthawi yaitali kwambiri, maso ali pansi, ngati pamaliro. Madzulo ake tinamva zonse kudzera pakhoma, poti makoma a m'komboni anali oti mnzako akayetsemula iwe umapukuta mphuno. Mimba panalibe, mwamunayo anaona yekha, koma akakane kwa yani? Palibe amene ananenapo kanthu. Chinthu chosanenedwa suchitsutsa. Mayi aja anayenda miyezi atamanga lamba wothina m'chiuno, akuonetsa anthu chimene palibe, anthu nkumangoti, "Pepani, mayi, Mulungu adzaperekanso."

Ndinakumana nawo mayi aja pampopi m'mawa wina. Ndinavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi, nonse awiri?"

Anasenza ndowa yawo nkumapita. Koma kuyambira tsikulo ankanditchula dzina la bambo anga lonse, ndi chiwongo chomwe, ndipo Kitwe anatsatira.

Chimodzi chokha sindinachiwerengere. Akazi oyembekezera anali ataona dilesi lija, ndipo anagwirizana kuti sanaonepo losunga mimba mwaulemu chotero. Anayamba kubwera ndi nsalu, ena kuchokera ku Ndola, ena ku Bwana Mkubwa, onse otupa miyendo osatha kuima nthawi yaitali. Mkazi wanga anagula thumba la mbatata. Ndinakhala ndi pakati mpaka Chitaganya chinatha, ndipo amene akukayika abwere adzaone lamba wanga.