Pini Yolemera ya a Gilibati

Kodi munayamba mwadzifunsapo chimene chimachitikira chitsulo chimene chikuthamangira kumwamba, kenaka n'kukakamizidwa mwadzidzidzi kuti chibwerere pansi? A Gilibati, omata matayala pa Nathenje, sanadzifunsepo, koma tisafulumire kuwaseka.

Bambowa anakulira pa esiteti ya fodya cha ku Mitundu, akuyendetsa ngolo. Esitetiyo itatsekedwa, anzawo anagawana malata, iwo anapatsidwa kompuresa yakale yopopera mpweya pamodzi ndi kainjini kake ka dizilo. Munda analibe, choncho banja lonse linkadya kuchokera m'makinawo. Anawaika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, ndipo ankapopa mwaulemu ngati mkulu wa mpingo wokwera chitunda cha ku Nkhoma.

Matipate atabwera, maminibasi anachuluka, ndipo madalaivala ake analibe nthawi.

"Madala, zinthu zasintha," ankatero, "koma makina anuwa akadali m'chipani chimodzi!"

Anayamba kuwolokera kutsidya kwa msewu, kumene munthu wina anali atabweretsa kompuresa yamagetsi. A Gilibati ataona kuti chakudya chikuwoloka msewu, anaika gudumu lalikulu la lamba pa injini, liwiro n'kuwirikiza. Posakhalitsa makina anayamba kugogoda. Pini yolumikiza pisitoni, chitsulo chokankha mpweya, ndi mkono woikankha inali itadyeka.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Pisitoni ikafika pamwamba imaima kotheratu, ikafika pansi imaimanso, ndipo ntchito yoiimitsa ndi kuibweza imagwera pini. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yokoka piniyo imachuluka kanayi. Pisitoni ikalemera, katunduyo amakulanso. Wina angatsutse kuti chitsulo cholemera ndicho cholimba. N'zoona pa khasu, koma khasu silipita uku ndi uku kambirimbiri pa mphindi.

A Gilibati, monga aliyense wogula khasu pa msika wa Mitundu, ankayesa chitsulo pochinyamula m'manja. Anapita kwa a Matthews, owotcherera ngolo kumeneko.

"Achimwene, ndikufuna pini yoti ikagwera munthu paphazi, akagone kuchipatala."

"Bowo lake n'laling'onotu, akulu."

"Likulitseni. Pisitoni nayonso muiphatike chitsulo, yaonda ngati galu wa m'dzinja."

A Matthews anadula ekiselo ya ngolo n'kupanga piniyo, ndipo a Gilibati anabwerera kwawo thumba likuwapweteka phewa, mtima uli m'malo.

Atailiza, kompuresa inayamba kuyenda. Inkadumphadumpha kulunjika kumsewu ngati ikufuna kukwera minibasi. Anaisanjikiza njerwa, njerwa zinagwa. Pamenepo anayang'ana akazi awo, mayi Jacinta, amene ankagulitsa zitumbuwa pambali.

"Amake Masozi, takhalani pa thankipa pang'ono chabe."

"Abambo ake Masozi, paukwati paja abusa sanatchulepo zimenezi."

Komabe anakhalapo, beseni lili pamiyendo, mawu oitanira malonda akunjenjemera. Madalaivala anabwerera, ena kudzapopetsa, ambiri kudzaonerera.

Tsiku lina masana panafika lole yodzaza amayi opita kumsonkhano wa chipani akuimba, tayala lina litaphwa. A Gilibati anaona kuti mbiri yawo ifika m'midzi yonse. Anawonjezera moto. Kompuresa inalira, inakuwa, kenaka phuu! Pini inathyoka, mkono wa pisitoni unaboola m'mbali mwa kompuresa, oyilo anawaza zitenje zatsopano za amayi aja. Nyimbo inathera pakati. Mayi Jacinta anapezeka ali m'ngalande, osavulala, zitumbuwa zili mbwee pamsewu.

"Mawa mukhalepo nokha," anatero akudzisansa.

Lole inakankhidwira kutsidya, ndipo maminibasi anaitsatira mpaka lero. A Matthews anamata chibowo chija, anapeza pisitoni ina yopepuka, gudumu laling'ono n'kubwerera pamalo pake. Tsopano a Gilibati amapopa matayala a njinga ndi a ngolo, omwe eni ake safulumira, ndipo banja likudya, ngakhale ndiwo zachepa mafuta. Mukawafunsa, amaumirirabe kuti piniyo ikadalemera pang'ono, ikadapirira.

Choncho inu eni zigayo, mapampu ndi makompuresa, makina anu akayamba kugogoda, azimitseni, muchepetse liwiro, ndipo mufunse wodziwa musanawonjezere chitsulo chilichonse.