Chitsime cha Keziya

Mlendoyo anatsika pa lole ya matabwa m'mawa wina wa nkhungu, Mzuzu ukali tauni yakhanda, azungu akulamulirabe dziko. Analibe nsapato, analibe bulangete. Duku lake linatsika mpaka pansidze, ndipo pamutu anasenza mphika wosweka wodzaza timbande ta mitengo ya katope. Ku Zolozolo, kumene anafikira, palibe amene anamuzindikira.

"Moni mayi. Kwanu ndi kuti?" anafunsa Martha, mkazi wa Amos woumba njerwa.

"Yewo, mama. Madzi mumatunga kuti?"

Dzina lake sanatchule.

Chitsime chimene anthuwo ankatungapo madzi chinali matope okhaokha, ndipo chinali ndi dzina loipa: Chitsime cha Keziya Mfiti. Zaka zapitazo ana omwa pamenepo anayamba kutsegula m'mimba, ena namwalira. Anthu analoza chala mtsikana wamasiye amene ankawatungira madzi, namuthamangitsa ndi miyala. Mtsikanayo anapita, koma matenda sanapite naye. Dzinja lililonse manda aang'ono ankawonjezeka.

Mlendoyo ankagona m'chisakasa chosiyidwa. M'mawa ankagwira ganyu, masana ankadzala mbande zake mozungulira chitsime. Anthu anamutcha NyaMakuni, mayi wa mitengo, ndipo ankamuseka. Pajatu nthawi imeneyo ambiri ku Mzuzu ankadziyesa odutsa.

"Kuno ndi kuntchito, mayi," anatero Amos. "Kwathu ndi ku Dedza. Wodzala mtengo kuchilendo ndiye kuti wasankha manda ake komweko. Ine ndimadula, sindidzala."

"Nanga mwana wanu amamwa madzi a ku Dedza?" anafunsa NyaMakuni.

Mbuzi zinadya mbande, iye anadzala zina nazitchinga ndi minga. Oumba njerwa anazipondaponda, iye anadzalanso. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti aziwiritsa madzi, asunthe zimbudzi zimene zinali kumtunda kwa chitsime. Zimenezi anaziphunzira pokolopa m'chipatala china cha mishoni. Koma chimene chinamubweretsa kuno anachisunga mumtima, monga kasupe abisira madzi ake pansi pa mwala.

Mvula itayamba, Winifred, mwana yekhayo wa Amos ndi Martha, anadwala. Maso analowa, kulira kunamuthera.

"Keziya uja akutilondabe!" analira Martha.

NyaMakuni anakhala pamphasa, kumumwetsa mwanayo madzi owiritsa ndi phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Kenako anaitana Amos panja, mvula ikugwa. Anamulozera kamtsinje kakuda kotuluka m'chimbudzi chake chosefukira, kodutsa m'maenje a njerwa pamene kale panali nkhalango, kukathira m'chitsime.

"Dada, mfiti yanu ndi iyi."

Amos anaima pamvulapo mpaka malaya anamamatira pathupi. Iye ndiye anaponya mwala woyamba tsiku lija anathamangitsa Keziya.

Winifred anachira. Amos anakwirira chimbudzi chija, nasamutsa uvuni wake, ndipo ndi manja ake omwe anadzala katope. Ena ataona kuti munthu wa ku Dedza wadzala ndipo sanafe, anatsatira. Amayi anagwirizana zochapira kumunsi, abambo anamanga miyala pakamwa pa chitsime. Mitengo inakula, madzi anayera mpaka munthu kudzionera nkhope. Dzinja linadutsa, lina linadutsanso, osakumba manda aang'ono.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso akusekani, mwina anakunamizirani mlandu umene simunapalamule. Mwina mtsinje wa kwanu ukufa ndipo aliyense akuti si wake. Musataye mtima. Dzalani, ngakhale mbuzi zidye. Dzalaninso.

Tsiku lina anthu anasonkhana pamthunzi wa katope. Amos anavula chipewa.

"Mayi, dzina la chitsimechi likutichititsa manyazi. Tinalakwira mwana wa eni, ndipo sitidziwa ngati ali moyo. Tikufuna chitchedwe dzina lanu. Tiuzeni, ndinu yani?"

Mlendoyo anayang'ana m'madzi. Kenako anamasula duku. Pamphumi pake panali chipsera chakale, chachikulu ngati mwala wokwana m'dzanja.

"Dzinalo musalisinthe, dada," anatero mofatsa. "Mungochotsapo mawu otsirizawo. Ine ndine Keziya."