Anatsamwa Tcheyamani Akulankhula

Pa 3 Januwale chaka chino, m'holo ya mudzi wathu kuno ku Akita, amuna anaonerera a Shigeji Kuwabara akutsamwa, osadzuka ndi mmodzi yemwe.

A Kuwabara ankakonza njinga. Chiyambire unyamata wawo sankafuna kuvutitsa munthu. Chipale chofewa chikagwa, ankayamba kuchotsa pakhomo pa aneba, pawo pambuyo. Ukawafunsa za msana wawo, ankangokupiza dzanja patsogolo pa nkhope: palibe kanthu. Mano atatha, akazi awo a Tomie ankawadulira mochi, mpunga wosinja wonanda uja, tizidutswa ngati chikhadabo.

"Mukundidyetsa ngati mpheta," ankadandaula.

"Mpheta imakuposani nzeru, bambo. Tafunani."

Tsikulo a Tomie anali kukhitchini ndi amayi anzawo, malinga ndi mwambo wathu wopusawu woti amuna azidya, akazi azitenthetsa mowa. Mbale ya msuzi inafika kwa a Kuwabara muli mochi wathunthu. Kubweza chakudya cha chaka chatsopano n'chipongwe, choncho anadya.

Tcheyamani wa mudzi, a Inomata, anali pakati pa kulankhula pamene mochi anakakamira pakhosi. A Kuwabara anayesa kutsokomola, mpweya osatuluka.

"Akulu, mowa wakupezani kale?" anatero amene anakhala nawo pafupi, ena n'kuseka chapansipansi. "Muli bwino?"

Wotsamwa sayankha. Dzanja linangokupiza monga linazolowera: palibe kanthu. Anadzuka, n'kuweramira tcheyamani mopepesa, n'kutuluka kuti asasokoneze mwambo. M'khondemo ankamva akazi awo akuseka kuseri kwa chitseko cha khitchini, koma miyendo inakana kuwafikitsa.

A Tomie, akupita ndi mowa kuholo, anawapeza atagwa pansi. Sanafunse kanthu. Anawadzutsa, n'kuwaweramitsa, n'kumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa, kenako anawagwira chakumbuyo n'kumafinya mimba mokweza mpaka mochi anatuluka. Koma nthawi inali itatha. Lero a Kuwabara ali gone kuchipatala, maso ali tong'o, osawazindikira ngakhale akazi awo, ndipo adokotala aleka kulonjeza.

Komiti ya mudzi inatumiza dengu la malalanje, n'kulengeza kuti inali ngozi.

A Inomata, munthuyo anawerama pamaso panu milomo itada, atagwira pakhosi. Munamuona. Munapitiriziranji kulankhula? Tiyankheni.