Dzino Langa la ku Joni

Uthenga unandipeza ndili gada pampando wa dokotala wa mano ku Joni, kukamwa yasa, tsaya lonse dzanzi. Foni inalira m'chikwama. Namwino, mtsikana wa kwathu konkuno ku Zimbabwe, anaiika pakhutu panga. Anali mkamwini wanga Tendai, mwamuna wa mwana wanga Esinati, akundiyamikira m'Chishona: "Makorokoto, Gogo! Mwana wamkazi. Ali bwino onse awiri."

Ndinafuna kululuta, anthuni. Mlomo unangolendewera ngati chiguduli chonyowa, dovu chuu pachifuwa. Nthungululu sinatuluke. Ndinafufuza mumtima, namonso zii. Koma ndinati ndikupita kwathu.

Ndinachoka ku Zengeza 4 bambo ake a Esinati atamwalira. Nyumba inalipo, chodyera m'nyumbamo panalibe. Ndinati ndikachape zaka ziwiri, ziwirizo zinabala zisanu ndi zitatu. Kuchapa, kusita, kutumiza. Kuchapa, kusita, kutumiza. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa galaja, Chichewa ndinkalankhula ndi Mulungu yekha.

Dzino linayamba chaka chachitatu, la m'munsi kumanzere. Madzi ozizira, mayo ine! Tiyi wotentha, mayo ine! Ndinaikapo mchere, ndinaikapo fodya wosera, ndinaphwanyira piritsi pabowo. Tsiku lina linangosiya lokha, ine n'kuimba aleluya. Si dzino lokha linasiya kupweteka. Esinati anapita padera kawiri. Kawiri konse analira pafoni, "Mhamha, bwerani," ine n'kumutumizira ya mankhwala, n'kubwerera kukasita malaya a abwana. Msozi ngakhale umodzi.

Chaka chino tsaya linatupa, adona anga n'kunditengera kwa dokotala. Anajambula, n'kundionetsa kamthunzi kakuda kunsi kwa muzu. Namwino uja ankamasulira m'Chishona. Akuti m'kati mwa dzino muli kamtsempha kamoyo. Tsiku lomwe linasiya kupweteka silinapole ayi, ndi tsiku lomwe kamtsemphako kanafa, ndipo mafinya akhala akusonkhana pansi mwakachetechete.

"Tizule, kapena tilitsuke m'kati likhale?"

"Likhale," ndinatero. "Ndataya zambiri kale."

Anabaya jekiseni, anaboola, analowetsa tizitsulo tonga singano, kukokota muzu, kutsuka, kukokotanso. Ndinkamva phokoso lokha. Ndi pamenepo foni inalira.

Dokotala anamata ndi phala loyera longoyembekezera. Akuti ndibwerenso kawiri, ndikathawira panjira mafinya adzabwerera.

"Muwauze kuti chikuta sichidikira," ndinauza namwino. Kwathu mwana amakhala m'nyumba ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, ndipo womutulutsa panja ndi agogo ake. Dokotala anapukusa mutu, n'kundipatsa mapiritsi ndi kalata yoti ndikaonetse mnzake kuno.

Adona anandigwira sabata yathunthu, akuti apeze kaye wina. Pamalire pa Beitbridge tinaima tsiku lonse. Pa Masvingo njala inandinamiza, ndinagula chimanga chootcha, phala lija pholi, n'kulimeza. Pofika ku Zengeza tsaya linali ngati ndabisamo dzira.

Mtengo wanga wa mapeyala anaudula. M'chipinda changa munali munthu wa lendi. Ana a pamsewu anandipatsa moni wa alendo. Pakhomo panali amayi ake a Tendai atamanga chitenje, manja onyowa, akuchokera kosambitsa mwana. Ndinati basi, ndachedwanso kachitatu.

"Mwafika, asebele?" anatero, Chichewa chawo chopindika. "Lowani mukamuone wamakani wanuyo. Mchombo unagwa Lolemba, koma iye akuti pano satuluka munthu mpaka Mhamha abwere. Tatopa naye!"

Esinati anali pamatiresi, wonenepa, maso a bambo ake. Sanadzuke.

"Mwabwera nokha, kapena mwatumiza?" anandifunsa.

"Ndabwera ndekha, mwanawe."

Anandipatsa kakhandako. Kopepuka ngati buledi. Ndinakayang'ana, ndinadikira, mumtima zii. Ndinachita mantha. Ndinati kapena nanenso ndinafa kalekale m'kati, changotsala chigoba. Ndinakakweza kuti ndikanunkhize pamutu. Iko kanadzinyanyula, kamutu kake gu! patsaya lotupa lija.

Mayo ine, moto! Unachokera m'chibwano, kukwera m'khutu, kutsikira m'chifuwa. Misozi inatuluka ya dzino, koma itayamba sinafune kuleka. Ndinalira bambo ake a Esinati. Ndinalira awiri aja amene sindinawabwerere. Esinati anandigwira chitenje, tinalira tonse. Kenaka ndinaimirira, mwana m'manja, ndinakankha chitseko ndi phazi, ndinatuluka padzuwa, n'kululuta ndi tsaya limodzi mpaka agalu a Zengeza yonse anayankha. Dzina ndinamutcha pomwepo: Tadala.

Dzino analimaliza dokotala wa konkuno ku Unit A, atawerenga kalata ija n'kundikalipira ngati mwana. Lilipo, limatafuna, koma silimva kuzizira kapena kutentha. Ilo likhale choncho. Ine ku Joni sindibwereranso.

Anabwera kudzavina tsiku limenelo, ndiwatchule asadandaule: asebele anga Mai Tendai, Tendai mwini wake, Anaphiri a ku Zengeza 1 ndi ndodo yawo, Abiti Saidi, Mai Chipo ogulitsa tomato, Sekuru Zuze a ku Tete, Agnesi wa kwaya ndi mng'ono wake Rudo, munthu wa lendi uja amene dzina lake ndi Lovemore, Esinati wanga, ndi Tadala, Tadala, Tadala.